Kujambula munthu wa khungu lakuda ndi foni, nkhope n'kutuluka mmene ilili

Foni za masiku ano zimajambula bwino maluwa, nyumba ndi magalimoto. Mayeso enieni amabwera foni ikakumana ndi nkhope ya munthu wakuda. Pena munthuyo amatuluka bii, maso ndi mano okha n'kumaoneka. Pena amatuluka wotuwa ngati wagona paphulusa. Penanso foni imamuyeretsa dala, mpaka mwiniwake n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu ndine?" Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kunena kuti foni yachepa mphamvu, pakufunika ina. Ine sindikhulupirira zimenezo. Foni yapamwamba imathandiza ndithu, koma zithunzi zambiri zimaipa chifukwa cha pamene munthu waima ndi kumene kuwala kukuchokera, ndipo ziwirizi mukhoza kuzikonza lero lomwe ndi foni imene ili m'thumba mwanuyo.

Yambani ndi kudziwa mmene kamera imaganizira

Kamera sidziwa kuti ichi n'choyera, ichi n'chakuda. Imangoyeza kuwala konse kumene kukulowa, n'kuyesetsa kukufikitsa pakatikati, pa mtundu wotuwa umene ojambula amauyerekeza ndi khadi lobweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala kumene kwaligwera. Ndiye taonani zimene zimachitika. Munthu wavala malaya oyera, kumbuyo kwake kuli mitambo yowala kapena khoma loyera mbee. Kamera imaona kuti kuwala kwachuluka, imachepetsa. Malaya amaoneka bwino, nkhope n'kumira mumdima. Tsono nenani kuti munthu yemweyo wavala jekete lakuda, waima pamthunzi, nkhope yake yadzaza chithunzi chonse. Apa kamera imaona ngati kwada kwambiri, imawonjezera kuwala, khungu n'kutuwa, timadontho n'kumera paliponse. Zolakwika ziwirizi gwero lake ndi limodzi: kamera ikungoganizira. Foni zatsopano zili ndi mapulogalamu ozindikira nkhope ndipo zimalakwitsa mocheperako, komabe zikapanikizika zimabwerera ku khalidwe lomweli.

Vutoli silinayambe ndi foni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza khadi kwa anthu otsuka zithunzi kuti aziyezera mitundu pamakina awo. Pakhadipo panali chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makhadiwo anadziwika ndi dzina la woyamba kujambulidwapo, Shirley Page. Makina akatulutsa bwino khungu la mayiyo, ankati zonse zili m'malo mwake. Filimu ya nthawi imeneyo inkavutika kusiyanitsa mitundu yoderapo, ndipo malinga ndi kafukufuku wa Lorna Roth wa ku Concordia University ku Canada, ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti isinthe anali opanga mipando ya matabwa ndi opanga chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pazithunzi zamalonda. Khadi lokhala ndi amayi a khungu losiyanasiyana linadzatuluka pakati pa zaka za m'ma 1990. Kumbali ya foni, Google inabweretsa Real Tone, njira yothandiza kamera kutulutsa bwino khungu la mitundu yosiyanasiyana, pa foni yake ya Pixel 6 mu 2021, ndipo mu 2022 inalengeza muyezo wa mitundu 10 ya khungu wopangidwa ndi Ellis Monk wa ku Harvard. Kampani ya Transsion, mwini wa Tecno, Infinix ndi Itel, inali itayamba kale kusintha makamera ake kuti azigwira bwino nkhope zakuda.

Ndatchula zonsezi kuti musamve wina akunena kuti khungu lakuda n'lovuta kujambula inu n'kuvomera. Khungu lilibe mlandu. Zida ndi zimene zinayezedwa ndi khungu lina kwa zaka zambiri, ndipo mpaka pano zimafuna munthu woziuza chochita. Malangizo otsatirawa onse ndi njira zouzira kamera.

Foni ikonzeke kaye

Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni imakhala m'manja, m'thumba ndi patsaya tsiku lonse, ndipo mafuta a zala amachititsa chimbuuzi, usiku magetsi n'kutuluka ndi michira.

Kenako tsegulani kamera, fufuzani chilichonse cholembedwa Beauty, Retouch kapena Smooth, muzimitse. Foni zambiri za Android zimabwera zimenezi zili zoyatsa kale, makamaka pa kamera ya kutsogolo. Zimasalaza khungu mpaka timizere tonse tosonyeza kuti uyu ndi munthu wamoyo n'kufufutika, zina zimayeretsa, zina zimachepetsa nsagwada n'kukulitsa maso. Ine zimandiwawa kuona mwana wokongola akuzolowera nkhope imene si yake, mpaka yake yeniyeni n'kuyamba kumunyansa. Pamene palembedwa Filter sankhani Original kapena None. Fulashi ikhale yozimitsa. HDR, imene imalinganiza malo owala ndi oderapo pachithunzi, isiyeni pa Auto. Yatsani mizere ya Grid, ikuthandizani kuti chithunzi chisapendekeke.

Ngati foni yanu imadzitama ndi mamegapikiseli 48, 50 kapena 108, musathamangire kuyatsa nambala yaikuluyo. Foni zotere zimaphatikiza timaso ting'onoting'ono ta sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera), tinayi kapena 9 kukhala kamodzi, n'kutulutsa chithunzi cha mamegapikiseli pafupifupi 12. Kuphatikizako ndi kumene kumachepetsa timadontho m'malo oderapo, ndipo pankhope yakuda malo oderapowo ndiye nkhani yonse. Ndipo ngati pali wina wokugwirirani foni, gwiritsani ntchito kamera ya kumbuyo. Ya kutsogolo sensa yake nthawi zambiri imakhala yaing'ono.

Funani kuwala musanaitane munthu

Apa ndiye pagona ntchito. Mukalephera china chilichonse koma ichi n'kuchita bwino, chithunzi chituluka.

Kwezani dzanja lanu molingana ndi nkhope, kuseri kwa dzanjalo kuyang'ane kwa inu. Tsono zungulirani pang'onopang'ono pamalo pomwe mwaimapo, maso ali padzanjapo. Muona khungu likusintha. Kumbali ina lingoti bii, zala osasiyana n'komwe. Mukatembenuka pang'ono, mfundo za zala ziyamba kutuluka, mitsempha ioneka, ndipo pamwamba pa dzanja pabwera kunyezimira kofewa kotsetsereka kuchokera kuchala chachikulu kukafika pamkono. Imani pomwepo. Pamene pali dzanjalo ndi pamene pakhale nkhope ya munthu wanu, ndipo kumene mwayang'anako ndi kumene foni iloze. Zimatenga masekondi ochepa, ndipo zimagwira ntchito m'nyumba ndi panja pomwe.

Chifukwa chake n'chakuti khungu lakuda limaonetsa maonekedwe ake pobweza kuwala. Masaya, chipumi, mphuno ndi chibwano zimajambulika ndi kunyezimira kumene kwagwerapo. Kuwala kukachokera pachinthu chaching'ono, monga fulashi, tochi kapena dzuwa la masana, kunyezimirako kumakhala kadontho koyera mbee, kolimba, pamphumi ndi pansonga ya mphuno, kwinako kuli mdima. Kukachokera pachinthu chachikulu, kunyezimirako kumatambasuka, kumazungulira tsaya lonse mofatsa, ndipo mtundu weniweni wa khungu, kaya ndi wofiirira, woderako kapena wakuda kwambiri, umaoneka. Zinthu zazikuluzo zili paliponse: zenera, chitseko chotsegula, thambo la mitambo, khoma loyera limene dzuwa likuwombapo.

M'nyumba, zenera ndiye bwenzi lanu. Muimikeni munthuyo pafupifupi mita imodzi kuchokera pazenera limene dzuwa silikulowa mwachindunji. Asaime moyang'anana mwachindunji ndi zeneralo, komanso asalipatse msana. Nkhope itembenukire kuzenerako theka, inu muime zenera lili kumbali kwanu. Zimitsani magetsi a m'chipindamo, chifukwa kuwala kwa babu ndi kwa dzuwa mitundu yake ndi yosiyana, ndipo zikasakanikirana tsaya lina limatuluka lachikasu, lina labuluu. Mukatero yang'anani m'maso mwa munthuyo. Mukaona kachithunzi ka zenera kakuwala m'diso lililonse, mwapeza malo. Kakasowa, maso amaoneka ozima ngakhale munthu akumwetulira. Ngati ndi wamkulu mungoti, "Bambo, tatembenukirani kuzenera pang'ono, basi pomwepo," mpaka kawalako katulukire.

Panja, thawani dzuwa la paliwombo. Limabwera kuchokera pamwamba, maso n'kulowa m'mapanga a mdima, chipumi n'kupsa, munthu n'kumatsinzina. Pitani pamthunzi wa nyumba, koma musalowe mkati mwenimweni mwa mthunziwo. Muimikeni m'mphepete, phazi limodzi kapena awiri kuchokera pamene dzuwa lathera, nkhope iyang'ane kumene kuli kowala. Pansi pa mtengo samalani. Masamba amadontheza timawanga ta dzuwa pankhope, ndipo udzu ndi masamba zimabwezera mtundu wobiriwira pakhungu. Khoma lopakidwa penti yowala limachitanso chimodzimodzi: munthu akaima pafupi ndi khoma lofiira, tsaya limafiira.

Nthawi yokoma koposa ndi ola loyamba dzuwa litatuluka ndi ola lomaliza lisanalowe. Kuwala kumakhala kofunda, kumabwera chammbali, ndipo pakhungu lakuda kumatulutsa mtundu umene palibe pulogalamu ingaupange. Mukhoza kumuimika munthu dzuwa lili kumbuyo kwake chakumbali, tsitsi ndi mapewa n'kukhala ndi kamzere kowala kom'siyanitsa ndi zakumbuyo. Koma apa nkhope ifuna thandizo. Pezani chinthu choyera chachikulu, kaya katoni yoyera, pepala lalikulu kapena nsalu, wina achigwire chakutsogolo kwa munthuyo, cham'munsi pang'ono, achipendeketse mpaka kuwala kubwerere kunkhope. Muona ndi maso anu pansi pa chibwano ndi m'maso mukuyera. Pepala la siliva limabweza kuwala kwambiri koma molimba, ndiye pakhungu lonyezimira kale ine ndimakonda choyera wamba.

Ngati munthuyo watuluka thukuta, apukute modinda ndi kansalu. Khungu louma kwambiri limatuwa, ndiye timafuta pang'ono n'tabwino, koma akachulutsa chipumi chimathwanima mopitirira.

Yang'anani kumbuyo ndi zovala

Musanajambule, chotsani maso pankhope, muone zimene zili kumbuyo. Chilichonse chowala kwambiri kuposa nkhope chidzanyenga kamera: thambo, zenera, khoma loyera, galasi la galimoto. Sunthani phazi limodzi, kapena kwezani foni pang'ono kuti thambo lichoke. Kumbuyo kwabwino ndi kwa mtundu wapakati, monga njerwa, matabwa, masamba a patali kapena khoma lotuwa. Kukakhala kwakuda bii, tsitsi ndi mapewa zimasowa, pokhapokha pakhale kamzere kowala kaja. Muchotseninso munthu pakhoma. Akatalikirana nalo mamita awiri kapena atatu, mthunzi wake sugwerapo ndipo kumbuyo kumafewa pakokha.

Chovala choyera si choletsedwa, koma dziwani kuti chikadzaza theka la chithunzi kamera idzachepetsa kuwala, ndipo ntchito yokonza idzakhala yanu.

Pagulu la anthu a khungu losiyana, kumbukirani kuti kuwala kumachepa msanga munthu akamatalikira kumene kukuchokera. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Choncho wakuda kwambiri aime pafupi ndi zenera kapena nyale, woyererapo aime chakutali. Anthu akachuluka, sunthani gulu lonse litalikire, kuti kusiyana kwa woyamba ndi womaliza kuchepe.

Bwererani m'mbuyo

Kamera yaikulu ya foni imaona motambasuka, mofanana ndi lenzi ya mamilimita 24 mpaka 26 pa kamera zazikulu. Mukaiyandikizitsa kunkhope, mphuno imakula, makutu amachepa, chipumi n'kufufuma. N'chifukwa chake ojambula nkhope amakonda lenzi ya mamilimita 50 mpaka 85, imene imawalola kuima patali. Inu imani mita imodzi ndi theka kapena mamita awiri, dinani 2x. Masana zimatuluka bwino. Musakoke ndi zala kufika 5x kapena 10x ngati foni ilibe lenzi yakeyake ya zimenezo, chifukwa imangodula chithunzi n'kuchifufumitsa. Foni ikhale molingana ndi maso a munthuyo. Kwa mwana, gwadani.

Portrait, imene inatchuka ndi iPhone 7 Plus mu 2016, imafewetsa kumbuyo ndi pulogalamu. Nthawi zina imadya tsitsi, makamaka malukidwe, tsitsi lotukuka ndi ndolo. Jambulani chimodzi ili yoyatsa, china ili yozimitsa, mudzasankhe pambuyo.

Uzani kamera pamene pali nkhope

Tsopano munthu waima pabwino, inu mwaima pabwino. Musadine batani msanga. Gwirani sikirini pankhope yake, patsaya limene likulandira kuwala, pafupi ndi diso. Pabwera kabokosi kapena kabwalo, ndipo pambali pake kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere kotsetsereka. Kugwirako kwauza kamera zinthu ziwiri: apa ndi pamene paoneke bwinobwino, ndipo kuwala uyezere apa. Mukasiya chala pomwepo kwa sekondi imodzi kapena awiri, foni zambiri zimakhoma muyezowo. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK, pa foni zina pamabwera kachizindikiro ka loko. Mukakhoma, kamera sisinthanso maganizo ngakhale munthu wa malaya oyera adutse kumbuyo.

Kenako sunthani kadzuwa kaja. Apa m'pofunika maso anu, chifukwa mukagwira pankhope yakuda kamera nthawi zambiri imawalitsa mopitirira, pofuna kuifikitsa pa mtundu wotuwa uja. Yang'anani munthu weniweniyo, yang'anani sikirini, yang'ananinso munthuyo. Ngati wapasikirini wayera kuposa amene waima patsogolo panu, tsitsani. Ngati maso sakuoneka, kwezani. Chizindikiro chodalirika ndi pamene pakunyezimira kwambiri, pamphumi kapena pamwamba pa tsaya. Pamenepo payenera kuwala koma khungu likuonekabe. Pakayera mbee, popanda kanthu kalikonse mkati mwake, mwapitirira, ndipo malo opsa chotero sabwezeka ngakhale ndi pulogalamu yabwino chotani. Malo oderapo ndi amene amabwezeka pang'ono. Ndiye mukakayika, tsitsani pang'ono.

Foni za Pixel, kuyambira Pixel 4 ya 2019, zili ndi mizere iwiri, wina wa kuwala konse, wina wa mithunzi yokha. Ngati muli nayo, kwezani wa mithunziwo pang'ono, winawo musaukhudze kwambiri.

Sikirini nayo imanama. Padzuwa imaoneka yakuda, munthu n'kuwonjezera kuwala kosafunika. Mumdima imawala kwambiri, chithunzi chakuda n'kuoneka ngati chili bwino. Panja itchingeni ndi dzanja kapena thupi lanu. Mukajambula choyamba, chitseguleni, chikulitseni mpaka diso lidzaze sikirini. Muone ngati nsidze zikuwerengeka, ngati kawala kaja kali m'diso, ngati patsaya pakuoneka timabowo ta khungu. Zikaoneka, pitirizani. Zikapanda kuoneka, konzani munthu akadali pomwepo.

Dinani kangapo, osati kamodzi. Anthu amaphethira, ndipo nkhope imamasuka pambuyo pa chithunzi choyamba, munthu akaganiza kuti zatha. Muzilankhula naye. Mwana mukamuuza kuti "seka" amangoonetsa mano. Mufunseni za chinthu chimene amachikonda, chala chanu chili pabatani. Batani la voliyumu limajambulanso, ndipo limathandiza kugwira foni ndi manja awiri.

Kukada

Usiku anthu ambiri amathamangira fulashi, ndipo fulashi ya foni ndiye mdani wamkulu wa khungu lakuda. Ndi yaing'ono, ili pafupi ndi lenzi, imawomba nkhope mwachindunji. Chotsatira chake ndi chipumi chothwanima, masaya otuwa, ndi mdima kumbuyo. Funani kuwala kumene kulipo kale: khonde loyaka, zenera la sitolo, chikwangwani chowala, sikirini ya TV. Munthu atembenukire kuwalako chammbali monga tinachitira ndi zenera. Asaime pansi penipeni pa babu, chifukwa zotsatira zake n'zofanana ndi za dzuwa la paliwombo. Abwerere m'mbuyo mapazi awiri kuti kuwala kufike m'maso.

Kukakhala kulibiretu, bwerekani foni ina. Yatsani tochi yake, koma musailozetse kunkhope. Ilozetseni kukhoma loyera la pafupi kuti kuwala kubwerere kofewa, kapena ikani pepala loyera patsogolo pake, motalikirana ndi tochiyo pang'ono, kuti pepala lonse liwale. Woigwira aime kumbali, chapamwamba pang'ono.

Gwiritsani ntchito kamera yaikulu ya 1x, chifukwa ndi imene imamwa kuwala kwambiri. Yatsani Night. Njira imeneyi, imene Google inaitulutsa mu 2018 ndi dzina la Night Sight ndipo Apple inaiika pa iPhone 11 mu 2019, imajambula zithunzi zambiri motsatizana n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Imafuna kuti inu ndi munthu wanu musagwedezeke kwa sekondi imodzi kapena angapo. Muuzeni musanadine kuti akhale phee mpaka mutanena. Inu tsamirani khoma, zigongono zigunde nthiti, kapena khazikani foni pachinthu n'kuyatsa Timer ya masekondi atatu. Dziwaninso kuti Night imakonda kusandutsa usiku kukhala masana, khungu n'kutuwa. Gwirani pankhope, tsitsani kadzuwa, usiku ukhalebe usiku.

Ngati foni ili ndi Pro kapena Manual, pali zinthu zitatu zoti mudziwe. Liwiro la shatala (nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa, m'zigawo za sekondi), lolembedwa S kapena SS, likakhala 1/125 limakwanira munthu woima. Mwana wothamanga amafuna 1/250 kapena 1/500. ISO, muyezo wa mmene kamera imakwezera kuwala kumene yalandira, ikamakwera, timadontho timachuluka, ndiye isungeni pansi mmene mungathere. Chachitatu ndi WB, muyezo wa mtundu wa kuwala, umene manambala ake amalembedwa ndi K. Kandulo imakhala cha pa 1900 K, babu lachikasu cha pa 2700 K, dzuwa la masana cha pa 5500 K, ndipo mthunzi umapitirira 7000 K. Khungu likatuluka labuluu kapena lozizira, kwezani nambalayo. Likatuluka lachikasu kwambiri, tsitsani. Mukaona mizere yakuda ikudutsa pachithunzi pansi pa mababu a LED kapena machubu, ndi kuphethira kwa magetsi. Kumene magetsi amayenda pa 50 Hz, monga ku Africa, ku Ulaya ndi mbali yaikulu ya Asia, ikani shatala pa 1/50 kapena 1/100. Kumene ndi 60 Hz, monga ku North America, ikani 1/60 kapena 1/120.

Kukonza pambuyo

Chithunzi chojambulidwa bwino chimafuna kukonza pang'ono chabe. Pulogalamu ya Snapseed ya Google ndi yaulere ndipo imakwanira. Tsegulani Tune Image. Yambani ndi Highlights, tsitsani mpaka chipumi ndi malaya zibwerere. Kwezani Shadows pang'ono, mpaka maso ndi tsitsi zioneke, n'kuima pomwepo. Mukapitiriza, kutuwa kuja kubwerera. Brightness musaikonde, imayeretsa chilichonse mosasankha. Ngati nkhope yokha ndi imene yada, gwiritsani ntchito Selective, ikani kadontho pankhopepo, muwalitse pamenepo pokha. Warmth pang'ono imabweza moyo pakhungu lojambulidwa pamthunzi. Saturation ndiye musamale nayo kwambiri. Khungu la munthu aliyense limakhala m'chigawo cha mitundu ya olenji ndi yofiira, ndipo mukaikweza ndi khungu limene limayamba kuonongeka.

Nthawi ndi nthawi sindikizani chala pachithunzi kuti muone mmene chinalili poyamba. Maso amazolowera msanga, ndipo munthu ukhoza kupita kutali osazindikira. Funso n'limodzi: kodi mayi ake a munthuyu akaona chithunzichi anena kuti ndi khungu la mwana wawo? Chipsera cha lero kapena kachiphuphu mukhoza kuchotsa ndi Healing ngati mwiniwake akufuna. Mtundu wa khungu lake usiyeni.

Kutumiza ndi kutsukitsa

Muonetseni kaye mwiniwake, ndipo musaike pa intaneti asanavomere. Kwa mwana, afunseni makolo.

WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo kufinyako kumayamba kuononga malo oderapo, khungu n'kukhala ndi timabokosi. Kuyambira mu 2023 pali batani la HD pamwamba musanatumize, lidineni. Mukafuna kuti chifike chathunthu, tumizani ngati Document. Koma dziwani kuti chikapita motero chimanyamula zonse zimene foni inalembamo, kuphatikizapo malo amene munajambulira ngati Location inali yoyatsa pa kamera. Ngati mukutumizira munthu wosamudziwa bwino, chotsani kaye malowo, kapena zimitsani Location mu kamera musanajambule.

Potsukitsa, kumbukirani kuti sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake pamene pepala limangobweza, ndiye chithunzi chapapepala chimatuluka choderako kuposa mmene chimaonekera pafoni. Pangani kope lina, likwezeni Shadows pang'ono kuposa la pa intaneti. Chithunzi cha mamegapikiseli 12 chimakwana bwinobwino pepala la masentimita pafupifupi 34 ndi 25. Perekani fayilo yeniyeni ya mufoni, osati imene yadutsa pa WhatsApp kapena Facebook. Auzeni otsukawo kuti azimitse kukonza mitundu kumene makina amachita okha, chifukwa kukhoza kufufuta ntchito yanu yonse. Yambani ndi kakang'ono ka masentimita 10 ndi 15, mukaone pafupi ndi zenera masana, ndipo khungu likakhala lolondola, m'pamene mulamule chachikulu.